Chipinda cha Kumapeto kwa Mdadada

Cosmas Mbewe anabwerera kwawo kuchokera ku mgodi wa malasha ku Wanki m'chaka cha 1959, atamva kuti atsibweni ake amwalira ndipo amusiyira nyumba ya lendi pa Katete. Sinali nyumba yoti munthu wodutsa n'kuima kuti aiyang'ane. Unali mdadada wa zipinda zitatu, womanga ndi zidina, wofolera ndi udzu, kuseri kwa masitolo a amwenye, pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Fort Jameson. Udzu wa padenga unali utada, khoma lina litang'aluka, ndipo pansi panali pozira ndi dothi ngati nyumba za kumudzi.

Cosmas anaona msanga kuti Katete sinalinso monga anaisiyira. Aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki ankafika ndi mabanja awo n'kumafunsa nyumba za malata, za simenti pansi, za mazenera a galasi. Anakambirana ndi mkazi wake Felistus, n'kugwirizana zoti asasule denga la mdadadawo, akweze makoma, afolere ndi malata mvula isanagwe. Anapeza mmisiri dzina lake Amosi, malata anagula, ndipo chotsala chinali choti anthu a lendi atulukemo.

Awiri sanavute. Mmodzi anali mesenjala amene anali atamva kale kuti amusamutsira ku Petauke, winayo anali mayi wogulitsa zitumbuwa amene anangosamukira kwa mng'ono wake. Vuto linali chipinda cha kumapeto, mmene munkakhala aFilimoni Sakala.

AFilimoni anali munthu wa ku Vubwi, kumalire. Anafika pa Katete ali ophikira anthu okonza msewu, ndipo anzawo atapitirira ndi msewuwo iwo anatsala. M'chipindamo analowamo nkhondo yaikulu ya azungu isanayambe. Tsopano anali atakalamba, ankasema mipini ya makasu ndi nkhwangwa n'kumagulitsa pa msika. Cosmas ankakumbukira kuti ali mwana, akabwera kudzacheza kwa atsibweni ake, ankamuletsa kusewera kuseri kwa chipinda chimenecho, ndiponso kugogoda chitseko chake mwamphamvu. Chifukwa chake sanamuuze, iyenso sanafunse.

Felistus ndiye anabwera ndi nkhani za kuchitsime. Amayi kumeneko ankati palibe munthu analowapo m'chipinda cha aSakala. Ena ankati amatcheza kachasu, chifukwa nthawi zina anthu ankabwera ndi mabotolo opanda kanthu n'kubwerera atawabisa m'nsalu. Ena ankati amaweta chinthu, pakuti ukadutsa pafupi masana kotentha umamva kulira kosaleka, kochokera mkati. Koma onse ankavomereza kuti Lamulungu lililonse nkhalambayo inkakhala pa benchi lakutsogolo kutchalitchi, ikuimba mokweza kuposa anyamata.

Cosmas anazengereza. Ankachita manyazi kukauza munthu wa msinkhu wa atate ake kuti anyamule katundu. Koma kunja kunayamba kutentha, mitengo inaphuka masamba ofiira, ndipo Amosi anamuchenjeza kuti akachedwa adzapita kukagwira ntchito ina ku Sinda. Tsiku lina m'mawa Cosmas analimba mtima. Anapeza aFilimoni ali pakhonde, mpini uli pakati pa mawondo, akuusalaza ndi kasemasema. Atapatsana moni ndi kufunsana za kunyumba, Cosmas anafotokoza zonse, akuzungulirazungulira, maso ali pa zipalapala za mtengo zimene zinali pansi.

Nkhalambayo inamvetsera osamudula. Kenaka inati n'zoonadi denga likudontha, ndipo mwana wake Tabitha, amene anakwatiwa ku Vubwi, wakhala akumuitana kuti abwerere kwawo. Cosmas anapuma, akuganiza kuti nkhani yatha.

"Ine kutuluka ndituluka, aMbewe, nyumba ndi yanu," anatero aFilimoni. "Koma m'chipindamu sindikhala ndekha. Anzangawo mudzawauze nokha."

Cosmas anafunsa kuti anzawowo ndani. AFilimoni anangomuuza kuti abwere dzuwa likapendeka, asamwe mowa tsikulo, asasambe sopo wonunkhira, ndipo jekete lakuda limene anavalalo alisiye kunyumba.

Felistus atamva zimenezi anasiya kusonkha moto. Anati iye sangatsale, ngakhale atamuuza kuti m'menemo muli nsato. Madzulo ake anapita onse awiri, Cosmas atavala malaya oyera, Felistus akumutsatira m'mbuyo pang'ono kuti ngati n'kuthawa ayambe ndiye.

AFilimoni anatsekula chitseko pang'onopang'ono n'kuwalowetsa. M'chipindamo munali mdima, zenera linali lotseka ndi saka. Maso atazolowera anaona mphasa yopinda bwino, bokosi lamatabwa, miphika iwiri ndi Baibulo pa kashelefu. Munkanunkhira utsi ndi fungo lina lokoma limene Cosmas sanalizindikire msanga. Kulira kuja kunalipodi, kotsika, ngati galimoto imene ili kutali kwambiri. Kunkachokera pangodya, pamene panali chinthu chomata ndi dothi, chooneka ngati kankhokwe, chotalika kufika pachifuwa cha munthu, chogundana ndi khoma lakuseri. Kutsogolo kwake kunali thabwa lomatira m'mbali ndi ndowe.

Nkhalambayo inayatsa ndowe youma pa phale, n'kudikira kuti ifuke bwino. Inakanganula thabwalo ndi mpeni, n'kuuzira utsi pa mpata umene unatseguka. Kulira kunakwera, kenaka kunatsikanso. Thabwa litachoka, Felistus anagwira mkono wa mwamuna wake.

Munali njuchi. Zisa zinalendewera kuchokera pamwamba, zoyandikana ngati masamba a fodya pa chigafa, zina zakuda ndi ukalamba, zina zoyera, ndipo ponseponse njuchi zinkayenda zitaunjikana. Kumbuyo kwa zisazo kunkaoneka kadontho ka kuwala. AFilimoni anati limenelo ndilo khomo lawo, kabowo ka m'khoma kotulukira ku mpanda wa nkhadze. Zikatuluka zimakwera pamwamba pa nkhadzezo n'kulunjika kudambo, n'chifukwa chake anthu a m'misewu sankaziona.

Felistus mantha atamuthera anayamba mafunso. Kodi sizimawaluma akagona? Kodi zimawadziwa? Nanga anazitenga kuti? AFilimoni anayankha akudula kachisa kakang'ono m'mphepete. Anati zinabwera zokha, chaka chimene mkazi wawo anamwalira. Chigulu cha njuchi chinalowa m'ming'alu ya khoma, ndipo atsibweni ake a Cosmas anabwera ndi muuni wa udzu kuti azitenthe. Iwo anawapempha kuti azisiye. Kwawo ku Vubwi atate awo ankapachika ming'oma m'mitengo, koma pa Katete iwo anali mlendo, analibe munda kapena mtengo ngakhale umodzi woti n'kupachikapo kanthu. Ndiye anaboola khomalo chamkati, n'kuzimangira kanyumba kameneka. Eni nyumba anavomera, bola ana asamasewere kuseriko. Zoletsa anthu kulowa, anati, sizinali zachinsinsi ayi. Anthu amamenyetsa zitseko, amalowa ndi fungo la mowa, ndipo wina akalumidwa mlandu umagwera mwini chipinda. A mabotolo aja anali amayi ofuna uchi wa ana odwala chifuwa.

Anawapatsa kachisako kuti alawe. Uchiwo unali wakuda, wolemera, wowawira pang'ono kukhosi. Cosmas anatafuna phula mpaka linatha kukoma, akuyang'anitsitsa njuchi ina imene inkazungulirazungulira pa chisa ikugwedeza thako, zinzake zikuitsatira. Anafunsa kuti imeneyo ikutani. AFilimoni anati akhala akuiona zaka zonsezi ikuchita zimenezo, koma sanadziwebe.

Pobwerera kunyumba Cosmas anali ndi maganizo oti chipinda chimenecho angochisiya momwe chilili. Amosi atamva anapukusa mutu. Anati mdadada ndi denga limodzi, sungakweze makoma a zipinda ziwiri n'kusiya chachitatu, ndipo palibe mmisiri angakhome malata pamwamba pa njuchi. AFilimoni nawonso anakana. Anati malata akatentha mu Okutobala zisa zingasungunuke n'kugwa, ndiye kuli bwino zichoke zili zamoyo. Anaonjeza kuti iwo kufula uchi amadziwa, koma kusamutsa njuchi sanayesepo. Anangoona atate awo akuchita kamodzi, iwo ali aang'ono.

Poyamba anafuna mng'oma. Anapita awiriwo kuphiri, Cosmas atakweza nkhalambayo pa njinga, n'kusankha mtengo wa mombo wowongoka. Analemba khungwa mozungulira pamwamba ndi pansi, analing'amba mzere umodzi, n'kulisenda lonse lathunthu. Analilumikizanso ndi zikhomo zamtengo kuti likhale ngati ng'oma yopanda chikopa, n'kuliimika pamthunzi kuti liume. Litauma aFilimoni anapaka phula mkati monse.

Maganizo awo anali oti mng'omawo apite nawo ku Vubwi. Koma dalaivala wa lole imene inkapita kumeneko kukatenga mtedza anaseka atamva. Anati wanyamulapo mbuzi, nkhumba ndi maliro, koma njuchi pa msewu wa mabampu ngati umenewo, ayi. Felistus ndiye anapeza nzeru. Amayi ake anali ndi munda chakufupi ndi Mkaika, ndipo m'mphepete mwa mundawo munali mtondo waukulu, madzi ali pafupi. AFilimoni anakauona mtengowo, anauzungulira, n'kunena kuti ndi wabwino.

Ntchito yosamutsa anaiyamba dzuwa litatsala pang'ono kulowa, njuchi zambiri zitabwerera. Mng'oma anaulowetsa m'chipinda. AFilimoni ankadula zisa zokhala ndi ana a njuchi, Cosmas n'kumazimangirira ndi luzi ku timitengo topingasa mkati mwa mng'omawo. Zisa za uchi ankaziika mu beseni limene Felistus anagwirizira pakhomo. Kenaka nkhalambayo inayamba kutapa njuchi ndi chikho ngati ikutapa chimanga, n'kumazikhuthulira mu mng'oma. Utsi unadzaza chipinda, onse akutsokomola. Njuchi ina inamuluma Cosmas pachikope. Anafuna kudzimenya, koma aFilimoni anamugwira dzanja, n'kupala mbolayo ndi msana wa mpeni. Pomaliza anatseka mbali zonse za mng'oma ndi zivundikiro zoluka ndi udzu. Njuchi zina zinatsala zikuyenda m'makoma ndi m'denga, koma aFilimoni anati zimenezo zibalalika zokha.

Kutacha ananyamula mng'omawo pa ngolo, atauyalira udzu, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono. Diso la Cosmas linali litatupa mpaka kutsekeka, ndipo Felistus akamuyang'ana ankatembenukira kumbali kuti aseke bwino. Anaupachika pa mphanda ya mtondo uja n'kutsekula kabowo. Njuchi zinatuluka, zinazungulira mtengo, zina n'kubwereramo.

AFilimoni anasamutsira katundu wawo kwa Cosmas, kuti adikire tsiku la lole. Koma mtima wawo sunakhazikike. Anapempha kuti awaperekeze kumunda kuja, ndipo atafika anaimirira pa chitsa n'kuika khutu pa mng'oma nthawi yaitali. Anati kulira kwake sikuli bwino, zikulira ngati pamaliro, ndipo zikungoyendayenda pakhomo osapita kukagwira ntchito. Cosmas anaikanso khutu lake, koma kwa iye njuchi zinkangolira ngati njuchi.

Yankho linapezeka tsiku limene Amosi ndi anthu ake anayamba kusasula denga. Zipinda ziwiri anazisasula bwinobwino. Atafika pa chachitatu, munthu wina anakoka mtolo wa udzu wakale, n'kudumpha pansi osafuna makwerero, anzake n'kumutsatira. Cosmas atafika anawapeza ataima patali, mmodzi akumanga kale muuni. Pa phaso lina, pamwamba penipeni pa ngodya ija, panalendewera mulu wa njuchi waukulu ngati dzungu.

Anaitanitsa aFilimoni. Nkhalambayo inayang'ana m'mwamba itatchinga dzuwa ndi dzanja, kenaka inagwedeza mutu.

"Ndinalakwitsa ndine," inatero. "Utsi unachuluka. Manthu anathawira m'denga, ife tinanyamula ana okhaokha."

Anafotokoza kuti manthu ndiye mayi wa njuchi zonse za mu mng'oma, ndipo popanda iye zija za kumunda zidzatha pang'onopang'ono. Zotsalazi zinamupeza n'kumuzinga. Anapempha wa muuni uja kuti adikire. Vuto linali loti iwo miyendo sinkawalolanso kukwera makwerero, ndipo mwa amisiriwo panalibe wofuna. Onse anayang'ana mwini nyumba.

Cosmas anakwera ndi dengu m'manja, diso lija lisanaphwe bwino. AFilimoni ankamuuza ali pansi, ndi mawu otsika, kuti asafulumire, asapumire pa njuchizo, aike dengu pansi pa muluwo mpaka ulowe mkati. Ali pafupi choncho anaona kuti njuchizo zinagwirana miyendo, ina pa inzake, ndipo mulu wonsewo unkagwedera pang'ono ngati chinthu chimodzi chopuma.

"Tsopano menyani phasolo kamodzi kokha, mwamphamvu," anatero aFilimoni.

Anamenya ndi chibakera. Muluwo unagwera m'dengu, ndipo kulemera kwake kunamudzidzimutsa, pang'ono n'kulitaya. Njuchi zina zinauluka n'kumuzungulira kumutu, koma palibe inamuluma. Anatsika mwendo umodzi umodzi, akumva kufunda kwa njuchizo kupyola m'dengu.

Pansi, aFilimoni anagwada n'kuyamba kupatula njuchizo ndi zala, modekha, ngati munthu wofuna ndolo yogwera mu mapira. Felistus anali atafika, ndipo ngakhale Amosi anasendera. Patapita kanthawi nkhalambayo inaloza ndi kamtengo. Inali njuchi yaitali kuposa zinzake, ya mimba yosongoka, mapiko ake aafupi osafika kumapeto kwa thupi. Inkayenda mofulumira kufuna kubisala, ndipo paliponse pamene yadutsa zinzake zinkatembenuka kuiyang'ana.

Felistus anati iye ankayesa kuti ikhala yaikulu ngati chala. Amosi anafunsa ngati ili ndi mwamuna. AFilimoni anaseka n'kunena kuti mafunso amenewo akanawafunsa atate awo. Anaulula kuti zaka zonse zimene anagona chipinda chimodzi ndi njuchizo, manthuyo anali asanamuonepo ndi maso. Anamuyang'ana nthawi yaitali asanamulowetse mu kabango kamene anatseka ndi udzu.

Madzulo omwewo anapita nazo kumunda pa njinga, dengu atalimanga ndi nsalu ya Felistus. Cosmas anakwera mumtengo, anatsekula chivundikiro chimodzi, anakhuthuliramo njuchi za m'dengu, n'kutsegula kabango kaja mkati. Anakhala pansi pa mtondowo kudikira. Apongozi ake a Cosmas anawabweretsera chinangwa chootcha, n'kukhala nawo patali pang'ono, akudandaula kuti chaka chino adzalima bwanji ndi alendo oterewa. Dzuwa likulowa aFilimoni anapempha kuti awathandize kuimirira pa chitsa kuti khutu lifike pa mng'oma. Anamvetsera, n'kutsika, n'kunena kuti tsopano angathe kupita kwa Tabitha.

Masiku otsalawo anawathera pophunzitsa Cosmas ndi Felistus zimene ankadziwa. Anawauza nyengo yofula, kuti asamatenge zisa zonse, kuti azipaka phulusa patsinde pa mtengo chifukwa cha linthumbu, ndiponso kuti chiuli chikadzalawa kamodzi sichidzasiya. Felistus ndiye ankagwira msanga, ndipo ankafunsa mpaka nkhalambayo inkatopa.

Tsiku la ulendo Cosmas ananyamula bokosi lawo ndi mtolo wa mipini yosagulitsidwa kukafika nazo pamsewu. Kuchokera pamenepo ankamva nyundo za Amosi zikulira pa malata. Lole inachedwa, ndipo anakhala pamthunzi wa sitolo. AFilimoni anati akuopa pang'ono. Kumudzi anachokako kalekale, anzawo ambiri anamwalira, ndipo adzukulu awo amangowadziwa ndi dzina. Cosmas anapepesa chifukwa chowatulutsa, koma iwo anakweza dzanja kuti asapitirize.

"Inu mwandifunsa zambiri masiku ano," anatero. "Lekani nanenso ndifunseko. Pansi pa nthaka pamene munkagwira ntchito paja, pamaoneka bwanji? Ndakhala ndikufuna kufunsa munthu amene anafikako."

Cosmas anayamba kufotokoza. Anawauza za njira yotsetsereka yolowera pansi, za nyale zovala pamutu, za mphepo yotentha yonunkha fumbi, ndi za mitengo yochirikiza denga imene imalira mwala ukafuna kugwa. AFilimoni anafunsa ngati kumeneko kuli nyerere, ngati madzi ake amamweka, ndiponso ngati munthu ali pansipo amadziwa kuti kunja kukugwa mvula. Cosmas anali akuganizabe za funso lomalizali pamene lole inatulukira ndi fumbi lake. Dalaivala anali wofulumira. Anakweza bokosi, anakweza mipini, anthu a pamwamba anakoka nkhalambayo ndi manja n'kuikhazika pa matumba opanda kanthu, ndipo lole inanyamuka.

Denga linatha mvula yoyamba isanagwe. Kanyumba ka dothi ka pangodya kaja Amosi anakagumula, bowo analitseka ndi njerwa, makoma anawapaka laimu. M'chipinda cha kumapeto munalowa mphunzitsi wina wochokera ku Chadiza ndi mkazi wake, amene tsiku loyamba lomwe anapachika nsalu za maluwa pazenera. Uthenga wa ku Vubwi unabwera ndi dalaivala uja mwezi wa Disembala. Anati aSakala anafika bwino, Tabitha anawamangira kanyumba pafupi ndi kake, ndipo akusema mipini monga kale, koma akudandaula kuti kumeneko anthu amagona msanga ndipo kuli zii.